Magalasi a maso: kuitanitsa pa intaneti kapena kugula konkuno ku Mzuzu?

Mlongo_wa_ku_Chibavi

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pepala langa la maso lalembedwa OD -4.50 / -1.25 x 170, OS -4.00 / -0.75 x 10. Pa intaneti magalasi akuoneka otchipa kuposa m'tauni muno. Kodi pepala lokhali ndi lokwanira kuitanitsira?

Wa_ku_Luwinga

Silokwanira, achemwali. Chikusowa ndi PD, mtunda wochoka pa kamwana ka diso limodzi kufika pa ka diso linalo, m'mamilimita. Kwa akuluakulu ambiri imakhala pakati pa 54 ndi 74. Oyeza maso nthawi zambiri sailemba papepala chifukwa amaiyeza munthu atasankha kale felemu.

Galasi lililonse lili ndi malo amodzi pomwe kuwala kumadutsa osapindika, ndipo malowo ayenera kugwera pakamwana ka diso penipeni. Akaphonya, galasi limakokera chithunzi kumbali. Kuwerengera kwake nkosavuta: masentimita ophonyawo kuchulukitsa ndi mphamvu ya galasi. PD ikalakwika ndi mamilimita 4, ndiye kuti 2 diso lililonse, kwa inu zikupereka 0.9 kumanja ndi 0.8 kumanzere, pamodzi 1.7 ya prism (muyeso wa kukokera chithunzi kumbali kuja) yomwe palibe anakulemberani. Minofu ya maso imalimbana nayo tsiku lonse, pofika madzulo mutu uli waa, zilembo zikuoneka ziwiriziwiri. Wa -1.00 atha kudziyeza ndi rula pakalilole n'kupulumuka. Inu ayi. Bwererani komwe anakuyezani mukapemphe PD ya diso lililonse palokha, chifukwa mphuno za anthu ambiri sizili pakatikati.

Polemba pafomu: OD ndi kumanja, OS kumanzere. Musaiwale kachizindikiro ka minus, ndipo 170 ija, yomwe ndi axis (madigiri osonyeza mbali yomwe mphamvu ya -1.25 ija yaloza), isasanduke 17 kapena 70, apo ayi zitseko zizioneka zopendekeka.

MdalaZolozolo

Mtengo womwe mukuuonawo kawirikawiri ndi wa galasi wamba la 1.50 (nambala ya mtundu wa galasi: ikamakwera, galasi limapyapyala) lopanda chophimba choletsa kunyezimira. Pa -4.50 limatuluka lokhuthala m'mphepete. Chokuyenerani ndi 1.61; 1.67 ndi ya omwe adutsa -6.00, musataye ndalama. Mukaonjezera zimenezi, zotumizira, ndi msonkho womwe a MRA angalipiritse, kusiyana kumachepa ndithu. Komanso kulipira m'madola ndi khadi la banki masiku ano si nkhani yamasewera. Akabwera olakwika, kuwabweza kumadya ndalama yofanana ndi kugula ena.

Za felemu, yang'anani mkati mwa mwendo wa magalasi anu akale. Muona manambala ngati 52-18-140: kutambalala kwa galasi, mpata wa pamphuno, ndi kutalika kwa mwendowo. Musapatuke kwambiri pamenepo. Mafelemu akuluakulu a fashoniwa ndi omwe amakhuthalitsa galasi la minus, chifukwa limanenepa likamatalikira pakati.

Mlongo_wa_ku_Chibavi

Zikomo bambo. Nanga nditaitanitsa felemu yokha, magalasiwo akandiikire konkuno?

Nyasulu_M

Njira yabwino ndi imeneyo, bola mufunse kaye ngati amalandira felemu yobwera nayo. Ena amakana, makamaka zopanda mkombero kapena za pulasitiki youma, chifukwa zimathyoka poika galasi. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, funsaninso ngati amalipira zogula kunja.

Mukaitanitsa zonse, zikafika musangovala. Pitani nazo akaziike pa lensmeter, makina owerenga mphamvu ndi axis, ayerekeze ndi pepala. Akawongolenso timapadi ta pamphuno ndi miyendo. Ali ndi chotenthetsera chake, musayese pakandulo. Masiku angapo oyamba kuzolowera nkwachibadwa, koma pakatha masabata awiri mutu ukuwawabe, china chake chalakwika.

Omwe ndingawaletseretu ndi ana, ndi aliyense wolemberedwa ADD (mphamvu yoonjezera yowerengera pafupi) amene akufuna ma progressive, magalasi oonera patali ndi pafupi pomwe. Amenewo amafuna kuyeza msinkhu wa kamwana ka diso felemu ili pankhope, ndipo mamilimita 2 okha amasuntha malo owerengera.

Pepalalo likhalenso losapitirira zaka ziwiri. Kuyezetsa si manambala okha: amaona ng'ala, mphamvu ya madzi a m'diso yomwe imabweretsa glaucoma (matenda oononga mtsempha wa diso) mosapweteka, ndi zomwe shuga waononga kumbuyo kwa diso. Ku Mzuzu Central Hospital kuli mbali ya maso, ndipo Mzuni imaphunzitsa optometry (ntchito yoyeza maso), ndiye oyeza sakusowa mumzinda muno.