Mchimwene wanga anadinda chala atamenyedwa, apilo tiyambire pati?

Abale anga, makamaka inu odziwa zamalamulo, ndithandizeni nzeru.

Achimwene anga anawapeza olakwa pa mlandu wopha munthu ku High Court, ndipo ali kundende. Palibe mboni yomwe inawaona akupha. Chomwe chinawamangitsa ndi chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti anavomera mlandu, chija amati caution statement. Iwo akuti anadinda chala atakhapidwa usiku wonse, komanso chinalembedwa m'Chingerezi pomwe sukulu analekera sitandade 4. Nditawapititsira nsima tsiku lachitatu atamangidwa, dzanja linali lotupa moti mbamu ankanyema ndi lamanzere. Zoti ndikatenge lipoti la kuchipatala sizinandifikire m'mutu, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Chikundizunguza n'chakuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, koma gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni (Criminal Procedure and Evidence Code) limalola khoti kulandirabe chikalata chotere, bola likhutire kuti ananenadi ndi iyeyo komanso kuti zomwe zilimo n'zoona. Ndiye ku Supreme Court of Appeal tikatsamire pati, pa kumenyedwako kapena pa kusowa kwa umboni wina wogwirizana ndi chikalatacho?

Komanso papita miyezi isanu chigamulireni. Kodi tachedwa, kapena pali njira yopempha khoti kutiwonjezera nthawi? Ndalama za loya tilibe, mbuzi tinagulitsa kale. Amene munathandizidwapo ndi a Legal Aid Bureau (ofesi ya boma yothandiza osowa ndalama za loya) pa apilo, munanyamula mapepala anji, nanga rekodi ya mlandu amapempha ndani?