Thandizeni: mabuku a Charmian Clift ndi George Johnston onena za zilumba za ku Greece

Akuluakulu, amene mudawerenga alembi awiriwa a ku Australia, ndithandizeni nzeru. Banjali lidachoka ku London kupita pa chilumba cha Kalymnos mu 1954, kenako Hydra mu 1955, ndipo lidabwerera kwawo mu 1964. Clift adalemba za Kalymnos mu Mermaid Singing (1956) ndi za Hydra mu Peel Me a Lotus (1959).

Vuto lili pa buku lomwe adalembera limodzi, lonena za asodzi omira pansi pa nyanja kukazula siponji. Ku Britain limatchedwa The Sponge Divers, ku America The Sea and the Stone, moti munthu wosadziwa angagule buku lomwelo kawiri. Kodi mawu ake ndi ofanana ndendende, kapena pena adadulapo? Nanga mbali yomwe adalemba Clift imadziwika bwanji?

Chinanso ndi Clean Straw for Nothing (1969) ya Johnston. Iyi ndi nthano yopeka, mayina adasintha: mwamuna ndi David Meredith, mkazi Cressida. Kuitenga ngati mbiri yeniyeni kumamulakwira Clift, poti tikungomva mbali ya mwamuna yekha. Kodi buku la Nadia Wheatley la 2001, lofotokoza moyo wa Clift, limalekanitsa zoona ndi zopeka pa zaka za ku Hydra?