Masiku anayi ku Johannesburg: ndiyambire pati kuti ndiimve mbiri ya mzindawu?

Kamapu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wa October ndikupita ku Johannesburg ku maphunziro a kuntchito, ndipo pakatikati pali masiku anayi amene ndidzangokhala. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba, ndiye maso anga sapuma. Ndikaona khoma ndimafuna ndidziwe kuti linamangidwa liti, njerwa zake ndi zotani, nanga zenera analiikiranji apa. Anzanga amene anapitako akungondiuza za mashopu a ku Sandton, koma ine kumeneko mtima kulibe.

Chandizunguza mutu pa mapu ndi ichi. London ili pa Thames, Cairo ili pa Nile, koma mzinda uwu uli pamtunda popanda mtsinje waukulu kapena nyanja. Madera akenso akuoneka omwazika, kwina kobiriwira, kwina timadenga tothithikana, pakati malo ongokhala. Ndiyambire kuti? Nanga wapansi n'kuyendeka?

Woyenda Pansi

Achimwene, za mtsinje mwafunsazo ndiye poyambira pake. Mzindawu unatsata golide. Mu 1886 anapeza miyala ya golide pa famu ya Langlaagte, ndipo mzere wa miyalayo, umene amautcha Main Reef, unagona kuchokera kum'mawa kukafika kumadzulo. Migodi inandanda motsata mzerewo, tauni n'kumera chakumpoto kwake. Tengani pensulo mulembe mzere umenewo pa mapu anuwo, zambiri zimene zakuzunguzani ziyamba kumveka.

Ine ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito ya ukalipentala pa zomangamanga. Lamlungu anzanga akamapita ku mpira, ine ndinkasankha dera limodzi n'kuliyenda mpaka mapazi atatupa. Ankandiseka kuti ndikufunafuna golide wotsala.

Tsiku loyamba yambani m'kati mwa tauni. Chimene mudzaone msanga ndi chakuti mphambano zachuluka kwambiri, ukangoyenda pang'ono wafika pa msewu wina. Boma la Paul Kruger, pulezidenti wa dziko la Transvaal pa nthawiyo, linayala tauniyo pa kamalo ka makona atatu kotchedwa Randjeslaagte, kamene kanatsala pakati pa mafamu, ndipo anadula timabuloko ting'onoting'ono kuti mapuloti apakona achuluke, poti apakona ndiwo ankalowetsa ndalama zambiri. Mahema ndi zisakasa zamalata za nthawi imeneyo zinatha kalekale, koma kadulidwe ka misewu kadakali komweko. Madalaivala a lero akutukwanizana pa maloboti chifukwa cha nzeru za anthu a mu 1886.

Pa Rissik Street muone positi ofesi yakale ya 1897, ya njerwa zofiira, imene inapsa mu 2009. Yayang'anizana ndi City Hall. Kenako mufunefune Anstey's Building, ya m'zaka za m'ma 1930, ya kamangidwe ka Art Deco. Imakwera ikuchepa ngati masitepe, ndipo inu ojambula mapulani mudzaima pamenepo nthawi yaitali. Carlton Centre ndi ya 1973, nsanjika 50, mamita 223, konkire yokhayokha. Inakhala nyumba yaitali kuposa zonse mu Africa kwa zaka zoposa 40. Kunena zoona ine siindisangalatsa, ndi chibokosi chabe, koma imakuuza mmene eni ndalama ankadzikhulupirira pa nthawiyo. Sipanathe zaka 30, ambiri a iwo anali atasamuka.

Tsiku lachiwiri kwerani chitunda, mudutse Braamfontein mukafike ku Parktown. Kuno ndiye kumene ndinkakonda. Eni migodi atalemera sanafune kugona pafupi ndi fumbi ndi phokoso la makina ophwanya miyala, amene ankalira usana ndi usiku. Anakamanga pachitunda, nyumba zikuyang'ana kumpoto, migodi ataipatsa nkhongo. Kumpotonso ndi kumene dzuwa la m'nyengo yozizira limachokera, ndiye makonde ankakhala ofunda. Herbert Baker, yemwe anajambula Union Buildings ku Pretoria, anamanga nyumba zingapo kumeneko, kuphatikizapo yake imene amaitcha Stonehouse ndi ina yotchedwa Northwards. Miyala ankaswa pachitunda pomwepo, moti khoma ndi thanthwe limene lakhalapo zimaoneka ngati zapachibale. Yang'anitsitsani zitseko ndi mafelemu a mawindo. Ine monga kalipentala ndinachita manyazi ndi ntchito yanga. Mukapeza mpata wosuzumira kuseri, muonenso tizipinda ta antchito, kukula kwake ndi komwe anatiika. Pulani ya nyumba imodzi yomweyo imakuuza amene ankalowera khomo lakumaso ndi amene ankazungulira.

Mwachita mwayi ndi mwezi. Mu October mitengo ya jakaranda imakhala itachita maluwa, misewu yonse ya kumpoto imasanduka yapepo. Dziwani kuti mitengo yambiri mukaioneyo ndi yochita kubzala. Poyamba kunali tchire la udzu, ndipo jakarandayo kwawo ndi ku South America.

Mayi wa Awiri

Bambo Woyenda Pansi, mwafotokoza bwino, koma mwawapatsa achimwenewa masiku awiri athunthu kumbali ya olemera. Anthu amene ankakumba golideyo, ochokera ku Mozambique, Lesotho, Malawi ndi m'midzi ya m'dzikomo, simunawatchule komwe ankagona.

Achimwene, malo ongokhala mwawaona pa mapuwo anawasiya dala. Pakati pa tauni ndi Soweto pali milu ya dothi lachikasu lochokera m'migodi, njanji, mafakitale ndi madambo. Boma linkafuna kuti anthu akuda azibwera kudzagwira ntchito m'mawa, madzulo azibwerera kutali, ndipo pakati pakhale cholekanitsa. Misewu yolowera inalinso yochepa kuti apolisi asamavutike kutseka. Mphepo ikamaomba mu August fumbi la milu ija limathera m'nyumba za omwewo.

Ndinakhala ku Soweto kwa mchemwali wanga miyezi isanu ndi itatu, m'nyumba imene kumeneko amaitcha bokosi la machesi. Zipinda zinayi, denga la asibesitosi, chimbudzi kunja. Poti mumajambula mapulani, fufuzani pulani yotchedwa 51/6 ndi inzake 51/9. Nambala 51 ikuimira chaka cha 1951, ndipo 51/9 ndiyo inali ndi bafa m'kati. Pulani imodzi anaibwereza kambirimbiri, mizere mizere, moti mlendo usiku umasochera. Ine ndinagogodapo khomo la eni kawiri konse. Koma chimene ndikufuna mukaone ndi zimene anthu achita nazo nyumbazo kuchokera pamene analoledwa kukhala eni ake. Wina wawonjezera khonde la mizati, wina wakweza nsanjika pamwamba, pafupifupi aliyense wamanga tizipinda ta lendi kuseri. Ukayang'anitsitsa umakaonabe kabokosi kakale kali m'kati mwa nyumba yatsopano. Palibe katswiri wotchuka amene anajambula zimenezo, koma kwa ine ndiye kamangidwe kenikeni ka mzindawu.

Orlando ndi limodzi mwa madera akale, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pomwe dzina loti Soweto, chidule cha South Western Townships, linabwera mu 1963. Pa Vilakazi Street pali nyumba nambala 8115 imene Nelson Mandela analowa mu 1946, ndipo Desmond Tutu analinso ndi nyumba mumsewu womwewo. Kumadzaza alendo, koma pitanibe. Chapafupi pali malo okumbukira Hector Pieterson ndi ana ena asukulu amene anawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero za pa 16 June 1976.

Ngati nthawi ikulola musasiye Sophiatown. Kumeneko anthu akuda ankaloledwa kugula malo, ndipo anthu amitundu yosiyanasiyana ankakhala mosakanikirana. Pa 9 February 1955 apolisi anafika ndi malole n'kuyamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Nyumba zinagwetsedwa, pamalopo anamangira azungu n'kupatcha Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina lakale linabwezeredwa mu 2006. Mukafika mudzaona ngati dera wamba lopanda nkhani, mpaka mutaona tchalitchi cha Anglican cha Christ the King, kumene ankatumikira wansembe Trevor Huddleston, ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma, yemwe anakhalapo mtsogoleri wa chipani cha ANC. Zimenezo zinapulumuka, ndipo zimaoneka zachilendo pakati pa zinzake, ngati gogo amene wakhala pakati pa zidzukulu za eni.

Mnyamata wa Magetsi

Ine zanga ndi zazifupi. Ponte City musaiphonye. Ndi nsanja yozungulira ya 1975, mamita 173, yobooka pakati kuchokera pansi mpaka kumwamba. Ukaima pansi m'katimo n'kuyang'ana kumwamba umangoona kathambo kozungulira, ngati uli m'chitsime. Poyamba munkakhala azungu opeza bwino. M'zaka za m'ma 1990 inasokonekera, zinyalala zinaunjikana m'bowomo mpaka kukwirira nsanjika zingapo. Pano anaikonza ndipo muli mabanja.

Za wapansi: m'kati mwa tauni ndi ku Hillbrow musayende nokha mukujambula ndi foni, mudzabwerako mulibe. Pali magulu oyendetsa alendo wapansi, lowani limodzi la amenewo, masana. Kumpoto vuto ndi lina, ukhoza kuyenda ola lathunthu osaona nyumba, koma mipanda yaitali ndi mawaya amagetsi pamwamba. Ine ndaikapo mawaya amenewo ambiri, ndiye sindinganene zambiri.

Ku Sandton mwakukanako pitaniko ndithu. Kwerani sitima ya Gautrain, mutsike, muone nyumba zamagalasi kumene ndalama zinathawira. Msika wa masheya wa JSE unasamukira kumeneko mu 2000. Kutsidya kwa msewu wa M1 kuli Alexandra, dera la 1912, lakale kwambiri kuposa Sandton yemwe. M'mawa mudzaona anthu akuwoloka wapansi kupita kukagwira ntchito m'magalasimo.

Woyenda Pansi

Amayi mwandigwira pabwino, ndavomera. Komanso ndinadumpha malo amene ndinayenera kuyamba nawo, pomwe ali panjira yopita ku Parktown yomweyo: Constitution Hill. Inali ndende, Old Fort, ya m'zaka za m'ma 1890. Mahatma Gandhi anatsekeredwamo, Mandela nayenso. Gawo la amuna akuda linkatchedwa Number Four, ndipo mukalowa m'zipinda zake simudzafuna kuyankhula. Pamalo omwewo anamangapo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene linatsegulidwa mu 2004. Atagwetsa chinyumba cha akaidi oyembekezera milandu, njerwa zake sanataye, anamangira khoma la m'chipinda choweruzira. Masitepe ena a chinyumbacho anawasiya ali chiimire. M'chipindamo muli zenera lalitali lopyapyala, lomwe lili pa mulingo wa msewu wakunja, moti umangoona miyendo ya anthu odutsa. Ine ndinakhala pabenchi m'menemo mpaka mlonda anadzandifunsa ngati ndili bwino.

Kamapu

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba mzere wa Main Reef pa mapu ndipo Soweto yagweradi kummwera chakumadzulo kwake, Parktown kumpoto. Ndasintha dongosolo. Tsiku loyamba m'tauni ndi Constitution Hill pamodzi ndi gulu, lachiwiri lonse ku Soweto, lachitatu Sophiatown m'mawa ndi Parktown madzulo kuti ndipeze dzuwa labwino pa miyala ija, lachinayi Ponte ndi Sandton. Amayi, pulani ya 51/6 ndaipeza, ndaijambula kale m'kope langa. Ndikufuna ndikapemphe mwini nyumba mmodzi andilole kuyeza zimene anawonjezera, ndiziike pamwamba pa pulani yakaleyo ndi inki yofiira. Kodi anthu kumeneko angalole mlendo kulowa ndi tepi?

Mayi wa Awiri

Mukangofika ndi tepi m'manja aganiza kuti mwachokera ku khonsolo, ndipo tizipinda takuseri tija si tonse tili ndi mapepala. Pitani ndi munthu wa m'deralo, mupereke moni, muonetse kope lanulo, tepi ikhale m'chikwama kaye. Mukapeza gogo amene analowa m'nyumbamo ili yatsopano, muwafunse chipinda chimene anayamba kuwonjezera ndi mwana amene anali atabadwa chaka chimenecho.