Ndikufuna kupitiriza maphunziro pa za ana a ulumali, koma ndikuopa kutalikirana ndi kalasi: ndilowere njira iti?

Wofunsa:

Moni kwa inu nonse a m'gulu lino, makamaka aphunzitsi anzanga ndi akuluakulu amene mumasula aphunzitsi m'makoleji ndi m'mayunivesite. Ndapempha oyendetsa gulu kuti abise dzina langa, chifukwa nkhaniyi ikukhudza ana amene ndimawaphunzitsa ndipo sindikufuna kuti wina awazindikire.

Ndine mayi, mphunzitsi wa ana omwe ali ndi vuto la maso. Ndinayamba ngati mphunzitsi wamba wa pulayimale, kenako ndinachita dipuloma ya maphunziro a ana a ulumali, pambuyo pake digiri yoyamba, ndipo tsopano ndatha zaka 9 m'chipinda cha resource, chomwe ndi chipinda chapadera chothandiziramo ana oterewa pasukulu. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa braille (zilembo za madontho otumphuka zowerenga ndi zala), kulemba mayeso pa makina a Perkins olembera braille, kumasulira mayankho a ana kuti aphunzitsi a m'makalasi athe kuchonga, ndiponso kuphunzitsa ana kuyenda ndi ndodo yoyera.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi mtsikana wina wachialubino amene anabwera kwa ine atatha zaka zitatu akuphunzitsidwa braille kusukulu ina. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti madontho aja sankawawerenga ndi zala ayi, ankaweramitsa mutu mpaka mphuno kugunda pepala n'kumawawerenga ndi maso. Ndinamupatsa zilembo zikuluzikulu ndi galasi lokulitsira, ndinamusuntha kuchoka pafupi ndi windo pomwe kuwala kunkamuthobwa m'maso, ndipo chaka chisanathe anali akuwerenga mabuku omwe anzake ankawerenga. Amene anamuyambitsa braille sanachite mwankhanza. Palibe amene anawaphunzitsa kuyeza kaye mmene mwana amagwiritsira ntchito maso ake asanamusankhire njira yowerengera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulakalaka kukhala mmodzi mwa osula aphunzitsi, chifukwa ine ndekha ndingathandize ana ochepa chabe, pamene mphunzitsi wosulidwa bwino aliyense akathandiza ana ake kumene apite.

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndichite digiri ya masters ya maphunziro ophatikiza ana onse, yomwe ndi yotakata ndipo imapezeka m'mayunivesite ambiri, kapena ndifunefune yolunjika pa vuto la maso ngakhale ili yosowa? Nanga munthu amene watha zaka zonsezi m'kalasi, osalembapo kafukufuku kupatula uja womalizira digiri, angalowe bwanji ntchito yophunzitsa ku koleji? Funso lachitatu ndi lomwe limandilemera kwambiri. Pasukulu pano wodziwa braille ndine ndekha, ndipo ndikachoka kwa chaka kapena ziwiri sindikudziwa kuti ana 14 amene ndili nawo atsala m'manja mwa ndani. Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Mphunzitsi wa ku yunivesite:

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lofotokozedwa bwino. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti chinthu chimene ophunzira anga ambiri a masters amachisowa, inu muli nacho kale, chomwe ndi funso lenileni la kafukufuku. Ambiri amabwera akufuna digiri kenako n'kuyamba kusaka mutu, koma inu mutu wakupezani m'kalasi. Kodi aphunzitsi amasankha bwanji pakati pa braille ndi zilembo zooneka kwa mwana amene amaona pang'ono, ndipo amatengera chiyani posankhapo? Limenelo ndi funso loti mungalifufuze kwa zaka zambiri.

Pa funso lanu loyamba, maganizo anga ndi akuti musade nkhawa kwambiri ndi dzina lolembedwa pa satifiketi. Kuyambira pa msonkhano wa ku Salamanca m'dziko la Spain m'chaka cha 1994, pomwe maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, maphunziro a aphunzitsi m'mayiko ambiri anapendekera ku maphunziro ophatikiza, choncho ntchito zambiri za m'makoleji zili kumbali imeneyo. Komabe mgwirizano wa United Nations wa 2006 wokhudza ufulu wa anthu a ulumali, pa gawo 24, umanena mosabisa kuti maboma alembe aphunzitsi odziwa chinenero chamanja ndi braille, kuphatikizapo aphunzitsi omwe iwo eni ali ndi ulumali. Kuphatikiza ana popanda akatswiri ngati inu kumangokhala kumukhazika mwana pabenchi. Ndiye mukhoza kuchita masters yotakata, kafukufuku wanu n'kumulunjika pa maso, ndipo mudzatuluka muli ndi zonse ziwiri.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi munthu amene adzayang'anire kafukufuku wanuyo. Musanalembere yunivesite iliyonse, werengani zimene aphunzitsi ake afalitsa, ndipo muwalembere kalata yaifupi yofotokoza funso lanu. Yunivesite ya Birmingham ku England ili ndi gulu la akatswiri ofufuza za maphunziro a ana a vuto la maso lotchedwa VICTAR. Kyambogo University ku Uganda inatenga ntchito ya sukulu yakale yosula aphunzitsi a ana a ulumali pamene inkakhazikitsidwa mu 2003. Ku Nairobi m'dziko la Kenya kuli sukulu ya Kenya Institute of Special Education (KISE), yomwe yakhala ikusula aphunzitsi oterewa kuyambira 1986. Werenganinso African Journal of Disability, yomwe imapezeka mwaulere pa intaneti, kuti muone mmene anzanu amalembera komanso zimene sizinafufuzidwe.

Kulowa ntchito ya ku koleji nthawi zambiri kumayamba ndi zing'onozing'ono: kulandira ophunzira a zauphunzitsi m'chipinda chanu pa nthawi yoyeserera ntchito, kuitanidwa kukaphunzitsa phunziro limodzi la braille, kulankhula pa msonkhano wa aphunzitsi. Zonsezi muzizilemba ndi kusunga umboni wake. Digiri ya PhD idzafunika ngati mukufuna kukhazikika pa yunivesite, koma imeneyo ndi nkhani ya m'tsogolo.

Mphunzitsi wa ana osamva:

Aphunzitsi anzanga, ine ndikusiyana pang'ono ndi amene ayankha pamwambapa, ngakhale ndikulemekeza uphungu wawo. Ndaona anzathu angapo akuchoka kukachita masters n'kubwera akulankhula bwino za mfundo ndi malamulo, koma manja awo ataiwala chinenero chamanja. Luso la ntchito yathu limazilala msanga likapanda kugwiritsidwa ntchito. Ife a ana osamva sitiiwala kuti msonkhano wa ku Milan m'dziko la Italy wa 1880, umene unagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa m'malo mwa manja, unali wa anthu ophunzira kwambiri, ndipo ana anavutika nacho chigamulocho kwa mibadwo.

Sindikukuletsani kupita patsogolo ayi. Ndikungoti ganiziraninso maphunziro ochita muli pantchito. Bungwe loona za sikolashipu za Commonwealth lili ndi thandizo la masters yophunzira pa intaneti munthu ali kwawo, ndipo njira imeneyi ikuyankha funso lanu lachitatu. Ndi yolemetsa, chifukwa mumaweruka kusukulu mutatopa n'kuyamba kuwerenga usiku, koma kafukufuku wanu amakhala pomwe muli. Padakali pano mukhoza kunola luso lanu ndi maphunziro aafupi. Pali tsamba la pa intaneti la UEB Online, lophunzitsa braille ya Chingelezi imene mayiko olankhula Chingelezi anagwirizana kugwiritsa ntchito, ndipo pali pulogalamu yaulere ya NVDA yowerenga mokweza zolembedwa pa kompyuta, imene mphunzitsi aliyense wa ana a vuto la maso ayenera kuidziwa masiku ano.

Wofunsa:

Zikomo nonse awiri. Za kuzilala kwa luso ndi zoona, chifukwa ine ndomwe ndimaona kuti tikachokera ku tchuthi chachitali ndimachedwa kuwerenga braille ya masamu. Koma ndikufunsabe: kodi masters ya pa intaneti imalemekezedwa mofanana ndi inayo pofunsira ntchito ku koleji?

Mphunzitsi wa ku yunivesite:

Ngati yunivesite yake ndi yovomerezeka ndipo digiriyo ili ndi gawo la kafukufuku wolembedwa mokwanira, ife polemba anthu ntchito timailandira. Chenjerani ndi madigiri opanda kafukufuku, chifukwa akhoza kudzakutsekerezani njira ya PhD. Musanalipire kalikonse, funsani bungwe lovomereza maphunziro apamwamba m'dziko lanu ngati limaizindikira yunivesiteyo.

Membala amene anaphunzira kunja:

Mayi, ine ndinachita masters ya chaka chimodzi ku Britain kudzera mu sikolashipu ya Chevening. Amafuna munthu wa digiri yoyamba amene wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri, choncho zaka zanu 9 n'zokwanira. Pa zolemba zofunsira musadzaze mawu okuluwika. Fotokozani za mtsikana uja monga mwatifotokozera ife, mosatchula dzina lake, kenako munene chimene mukufuna kudzasintha pa kasulidwe ka aphunzitsi. Fufuzaninso za Perkins School for the Blind ku America, yomwe imalandira aphunzitsi ochokera kumayiko ena, ndipo mulowe m'bungwe la ICEVI, la padziko lonse loona za maphunziro a anthu a vuto la maso, lomwe lakhalapo kuyambira 1952 ndipo lili ndi nthambi ya mu Africa. Kumeneko n'kumene ndinamva za mwayi wambiri umene sulengezedwa m'nyuzipepala.

Za ana anu, musadikire kalata yokuvomerani kuti muyambe kukonza. Kuchokera pofunsira mpaka ponyamuka pamadutsa pafupifupi chaka, ndipo m'chaka chimenecho mukhoza kuphunzitsa mnzanu mmodzi kapena awiri braille yoyambira.

Mphunzitsi wosaona:

Ine sindiona chibadwire, ndipo ndakhala ndikuphunzitsa ku sekondale zaka zambiri. Nkhani yanu yandikhudza, mayi, koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukadzafika posula aphunzitsi, musadzalole kuti nkhani ya mtsikana uja imveke ngati braille ndi chinthu chothawa. Cholakwika chimachitikanso mbali inayo, ndipo chimenecho anthu sachiona msanga. Pali ana amene maso awo akunka nafooka, monga a matenda a glaucoma, amene amakakamizidwa kulimbana ndi zilembo zooneka mpaka mutu kuwawa chifukwa makolo kapena aphunzitsi amachita manyazi ndi braille. Mwana wotere maso akadzatheratu amapezeka ali wamkulu koma sadziwa kuwerenga mwa njira iliyonse. Kumvetsera kompyuta ikuwerenga sikulowa m'malo mwa kuwerenga wekha, chifukwa khutu silikuphunzitsa kalembedwe ka mawu kapena malo oika mpumiro. Madontho 6 amene Louis Braille anawakonza ali mnyamata ku Paris zaka pafupifupi 200 zapitazo ndi amene anandifikitsa pomwe ndili. Ana ena amafunika njira zonse ziwiri.

Ndikupemphaninso kuti pa kafukufuku wanu mudzafunse ife akuluakulu amene tinadutsa m'zipinda zimenezo, osati aphunzitsi ndi makolo okha. Timakumbukira bwino amene anatisankhira njira yowerengera, ndiponso ngati anatifunsa maganizo athu kapena ayi.

Wofunsa:

Bambo, mwandiwongola pamalo pomwe sindinkadziwa kuti ndapendekera. Pakati pa ana anga 14 pali mnyamata amene maso ake akufooka chaka ndi chaka, ndipo ndakhala ndikuzengereza kumuyambitsa braille chifukwa cha zomwe zinamuchitikira mtsikana uja. Sabata ino ndikambirana ndi makolo ake, ndipo ndimufunsanso iye mwini.

Pa za maphunziro, ndaganiza zoyamba ndi kufunsira masters ya pa intaneti yokhala ndi kafukufuku, ndipo ya kunja ndidzaiyesa chaka chamawa ngati pofika nthawiyo padzakhale wina wodziwa braille pasukulu pano. Mphunzitsi wina wa sitandade 3 wakhala akundipempha kuti ndimuphunzitse, ndipo tagwirizana zoyamba Lachiwiri tikaweruka.

Ndatsala ndi pempho limodzi kwa aphunzitsi a ku yunivesite aja. Ndili ndi makope a zaka 9 momwe ndakhala ndikulemba mmene mwana aliyense amawerengera, kukula kwa zilembo zimene amatha kuona, ndi mtunda umene amagwirira buku. Kodi zolemba zimenezi ndingadzazigwiritse ntchito pa kafukufuku, poti ndinkazilemba ngati mphunzitsi popanda kupempha chilolezo cha makolo kuti zidzafalitsidwe, kapena ndiyambe kupempha chilolezocho panopa ndisanavomerezedwe n'komwe ku yunivesite?