Amayi ali ndi BP, ndiziwaphikira bwanji?

Abale anga kuno ku Chipata, ndithandizeni nzeru. Amayi awapeza ndi BP yokwera, ndipo anamwino anati mchere usamapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse. Chandivuta ndi kapenta wouma amene timagula ku Kapata. Amabwera ndi mchere kale, koma ndiye ndiwo zimene thumba lathu limakwanitsa. Kodi kumuviika m'madzi ofunda kumachotsa mchere wokwanira, kapena tingomusiya? Nanga soda wa m'therere, poti nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu cha mumchere chimene chimakweza BP, pali china chofewetsera? Chibwabwa chotendera amachikonda, chimenecho sindida nacho nkhawa, ndipo mankhwala akumwa mosadumphitsa. Inu amene mukusamala makolo odwala BP, mumakometsa ndi chiyani kuti asamakane nsima?