Kamera ya achinyamata kapena mjigo wa pasukulu?

Wapampando: Odi nonse. Achinyamata apempha kuti pa chopereka cha chaka chino tiwagulire kamera, azijambula mbalame kudambo ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe. Timve maganizo anu tisanakumane Loweruka.

Msungichuma: A Wapampando, mjigo wa pasukulu udakali wakufa, ana akumwa madzi a kudimba. Ine ndikuti madzi ayambe.

Malume a ku Mfuwe: Madzi sindikutsutsa, koma mbalame musazipeputse. Kuno kumalo osungirako nyama zakutchire a South Luangwa kuli mitundu ya mbalame yoposa 400. Seputembala ndi Okutobala, mbalame zofiira zija zodya njuchi zikaboola zisa m'gombe la Luangwa, alendo amakhala m'galimoto m'mawa wonse akujambula basi. Anawo akazidziwa bwino mbalame, ntchito yoperekeza alendo siili patali.

Amayi a ku Kapata: Ku Mfuwe kuli alendo, achimwene. Kwathu abwera ndani? Mwana wa mlongo wanga amawotcha makala kuti apeze ya feteleza. Mukamuonetsa chithunzi asiya nkhwangwa?

Aphunzitsi: Amayi, funso lanu ndi lolemera, koma ine sindikuyembekeza alendo. Ndikuyang'ana ana athu omwewa. M'kalasi mwanga muli mnyamata amene legeni siinkachoka m'khosi. Ndinamubwereka foni kuti akajambule nantchengwa. Anakabisala m'bango mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwera ndi chithunzi cha chisa chachikulu paphanda la mkuyu, mbalameyo ili ndi kamtengo kukamwa. Lero anzake akayandikira mkuyuwo ndi nkhwangwa, amayamba kukuwa ndi iyeyo. Kuti ujambule mbalame uyenera kudziwa pamene imagona, chimene imadya, nthawi imene imatsikira kumadzi. Ukadziwa zimenezo mtengowo sungausiye ugwe ukuona.

Agogo: Ana inu, nang'omba munaimva liti komaliza? Kale ikalira m'mamawa tinkati mvula yayandikira, konzani makasu.

Aphunzitsi: Ndi yomweyo agogo. Imaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu, imalera mwana mmodzi yekha, ndiponso si chaka chilichonse. Mitengo yotereyo ndiyo imayamba kugwa. Ndipo a Msungichuma, mitengo ikatha kumtunda kwa dambo, mvula imangothamanga ndi dothi, zitsime n'kuuma msanga. Nkhani ya madzi ndi ya mbalame sizisiyana kwenikweni.

Msungichuma: Ndamva. Koma kamera ikangogulidwa n'kumakajambula maukwati, ine ndidzafunsa.

Malume a ku Mfuwe: Isungidwe kusukulu, wotenga azisaina. China, asamayandikire zisa kwambiri, mbalame imathawa mazira. Ndipo poika pa Facebook asamatchule malo enieni, otchera ulimbo nawonso ali ndi mafoni.

Amayi a ku Kapata: Ine ndivomera pokhapokha owotcha makala nawonso tiwaganizire. Ming'oma ya njuchi bwanji? A COMACO, kampani yolimbikitsa kusamala chilengedwe, amagula uchi kwa alimi. Munthu amene wapachika mng'oma pamtengo saudula.

Wapampando: Tachita bwino. Mjigo tilembe kalata ku komiti ya wadi, tipemphe pa CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu, koma ikachedwa tikonza ndi zathu. Kamera tifufuze yogwiritsidwapo kale ntchito. Zithunzi zoyamba tikazionetse kwa amfumu, tikapemphe kuti aletse kudula mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Msungichuma: Ming'omayo ndalama zake zichokera kuti? Amayi a ku Kapata, mubwere ndi mtengo wake Loweruka, tidzaone ngati thumba lingakwanitse.