Mwana wanga wa Fomu 4 ndi agogo ake sakuyankhulana chifukwa cha evolution, ndithandizeni

Membala wobisa dzina
A admin mundibise. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kachewere pa msewu ku Bembeke. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali Fomu 4 ndipo Biology amaikonda kwabasi. Lamlungu tikudya, agogo ake, bambo anga ondibala amenenso ndi mkulu wa mpingo, anamufunsa zomwe akuphunzira masiku ano. Iye n'kungoti "evolution, agogo", n'kuyamba kulongosola zoti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo. Bambo anabweza mbamu m'mbale, kusamba m'manja, ulendo panja. Ndiwo inali nkhuku, tangoganizani.

M'mawa mwake anabwera ndi kapepala kofotokopa komwe anawapatsa anzawo. Kakuti asayansi enieni anatsimikiza kuti dziko lili ndi zaka 6,000 zokha, ndipo evolution ndi "theory chabe". Akuti mwana akalembe zimenezo pa MSCE, apo ayi ndiye kuti wakana Mulungu. Mwana akungolira kuti akatero alephera. Chondivuta china, theka la fizi amalipira ndi agogowo akagulitsa nyemba.

Ine ndinalekezera Fomu 2. Kodi n'zoona kuti za kulengedwa zili ndi umboni wa sayansi wolingana ndi wa evolution? Musanditukwane, inenso ndimapemphera. Ndikungofuna choti ndikawauze bambo.

aGama
Wofuna kukhala mdzukulu wa nyani akhale yekha. Mverani bambo anu mayi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu
Mayi, sindizungulira: ayi, si zoona. Zaka 6,000 sizinachokere m'labu. Amene anatchuka nazo ndi James Ussher, bishopu wa ku Ireland, yemwe cha m'ma 1650 anawerengetsa mibadwo ya m'Baibulo n'kunena kuti dziko linalengedwa mu 4004 BC. Akatswiri a miyala amayeza mwina. Uranium yemwe ali m'mwala amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, ndiye akayeza kuchuluka kwa ziwirizo amadziwa msinkhu wa mwalawo. Dziko amalipeza ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Musaone ngati n'za azungu zokha. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 anafukula nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka zoposa 2 miliyoni. Ku museum ya Karonga komweko kwaimikidwa chigoba cha dinosaur wathu, chinyama chachikulu chamakedzana chotchedwa Malawisaurus.

Mawu oti theory asakusokonezeni. Pamsika ndi kungoganizira, koma m'sayansi ndi kufotokoza komwe kwayesedwa kambirimbiri osagwa. Kuti majeremusi amayambitsa matenda nayonso ndi theory. Zoti Mulungu analenga palibe chipangizo chingaziyeze kuti inde kapena ayi. Chimenecho ndi chikhulupiriro, ndipo sindikuchinyoza, koma si sayansi.

AGama, palibe amaphunzitsa kuti tinabadwa kwa nyani woba chimanga m'phiri la Dedza. Timati ife ndi chimpanzee tili ndi kholo limodzi lakalekale. Inu ndi msuweni wanu agogo ndi amodzi, koma sanakubaleni ndi msuweniyo.

Namwino opuma
Ine za mafupa ndi za aphunzitsi, ndinena zomwe ndinaona m'wodi. Kale malungo tinkachiza ndi chloroquine. Kenako ana ankamwa, thupi osazizira. Mu 1993 boma linamusiya, tinapita ku Fansidar. Naye anafooka, mu 2007 kunabwera LA. Chinkachitika n'chiyani? Mwa tizilombo tambirimbiri, towerengeka tinkakhala tosiyanako, mankhwala osatipha. Tofooka tinkafa, totsalato n'kuswana mpaka kudzaza dziko. Charles Darwin, wasayansi yemwe anatchukitsa za evolution, mu 1859 ankanena zimenezo basi. Bambo anu a msinkhu umenewo chloroquine anamwapo, yambirani pamenepo.

aGama
Koma kachilombo ka malungo kanakhalabe kachilombo, sikanasanduke mbuzi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu
Pa zaka 30 mumafuna mbuzi? Tsikirani ku Golomoti mukafike kunyanja. Chambo, utaka, mbuna, kampango ayi iyeyo ndi wa banja lina, koma enawo ndi pachibale. M'nyanja yathu muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chamboli, yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko, ndipo DNA yake, yomwe imasunga za chibadwa m'thupi, imaonetsa kuti inachokera ku makolo amodzi. Ina imapala ndere pamiyala, ina imadya nsomba zinzake, pakamwa ndi mano mpaka zinasiyana. Nthawi ikatalika zimafika pamenepo.

aNangozo
Ine ndine Mkatolika, ndipo kwathu iyi si nkhondo. Papa John Paul II mu 1996 ananena poyera kuti evolution yaposa pokhala ganizo longoyerekeza. Gregor Mendel wa nsawawa uja amene ana amaphunzira mu genetics, phunziro la zotengera kwa makolo, anali wansembe. Mipingo ina imawerenga masiku 6 a m'Genesis ngati masiku enieni, ndi ufulu wawo, koma asanamizire asayansi. Paja makolo athu nawo ankati Chauta anatsitsira anthu oyamba pa Kaphirintiwa ku Dzalanyama, mapazi n'kudinda pathanthwe. Nkhaniyo timailemekeza, koma ndani anailembapo pa pepala la Biology?

Azakhali a gulu
Nonse mukuphunzitsa sayansi, vuto la mayiwa mwalisiya. Mwana asakatsutsane ndi agogo ake, zidzaoneka zamwano ngakhale akhale kuti akulondola. Pitani inuyo, madzulo, pasakhale anthu. Mukawauze kuti wochonga mayeso amafuna za m'silabasi, safunsa zomwe mwana amakhulupirira. Akakanika, tengani alongo anu akuthandizeni. Za fizi musaziyambe inu.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse, ngakhale aGama. Ndinapita dzulo atangobwera kudimba. Nditatchula chloroquine anaseka, akuti ankawayabwa thupi lonse mpaka kudzikanda ndi chitsononkho. Pamenepo tinagwirizana. Za ku Karonga anangoti mafupa sayankhula. Pomaliza anati mwana akalembe za aphunzitsi ake, koma kwaya asasiye. Kapepala kaja sanataye, akapinda n'kukaika m'Baibulo mwawo.

Tsopano mwana wandigwira pakhosi kuti akamaliza mayeso akaone chigoba chija ndi maso ake. Alipo akudziwa kuti basi yochoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga ikuchita ndalama zingati pano?